Atsekwe a Mathaulo a Mng'ono Wanga Aizel

Mudzi wa Lawis,
Chilumba cha Bulawan,
Mwezi wa Ogasiti, mvula ili mkati.

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Wokonza Maphunziro a Sekondale,
Ofesi ya Pamwamba Penipeni,
Manila.

Bwana,

KUTHOKOZA CHIFUKWA CHA MAPHUNZIRO ATSOPANO A GIREDI 11 NDI 12

Loleni kaye nditenge dzanja lanu ndiligunditse pamphumi panga, monga timachitira kwa akuluakulu tikalowa m'nyumba. Mukamva ngati pamphumipo panyowa musadabwe, ndi thovu la sopo.

Dzina langa ndine Gemmalyn Pacaldo, koma kuno onse amangoti Gem. Ndine munthu wamanyazi, Bwana. Kutchalitchi ndimakhala pabenchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Anzanga akamalimbirana maikolofoni pa vidiyoke, makina oyimbirapo nyimbo aja, ine ndi amene ndimawasungira zikwama. Sukulu ndinalekera mu Giredi 6, chaka chimene namondwe anapita ndi Tatay, bambo athu, pamodzi ndi boti lawo, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuchapa ndi kusita pa hotela ya Madamu Ludy, ya m'mphepete mwa nyanja. Munthu ngati ine samayenera kulembera munthu ngati inu. Koma chimwemwe chandikulira. Masiku ano ndikumaseka ndekha pa beseni. Dzulo ndinaseka mpaka Nanay, mayi athu, anadzikoka kuchoka pamphasa yawo kudzandigwira pakhosi kuti aone ngati ndatentha thupi.

Nkhani yake ndi iyi. Madamu Ludy anandiitanira mu ofesi yawo, anandikhazika pampando wa khushoni umene ndimangoupukuta koma ndinali ndisanaukhalepo, ndipo anandiuza kuti chikondwerero cha Woyera Roke chikangotha, ndizibwera kuntchito Lamulungu lokha. Masiku enawo ndizipuma. Ine, Bwana, kupuma! Ndipo amene akutenga malo anga si mlendo ayi. Ndi mng'ono wanga weniweni, Aizel, wa Giredi 12, yemwe ndakhala ndikumuphunzitsa sukulu ndi malipiro a ntchito yomweyo. Iye aziigwira ulere, chifukwa kwa iye si ntchito, ndi phunziro. Nditafunsa kuti anaganiza zinthu zokongola chonchi ndani, anandiuza kuti ndi inu. Ndiye ndati ndisakhale munthu wosayamika. Zothokoza zanga ndaziika manambala, poti ndamva kuti m'maofesi chinthu chopanda nambala sachiwerenga.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha chikwama.

Kale Aizel ankapita kusukulu atapendekeka ngati mtengo wa kokonati wa pagombe, chifukwa cha kulemera kwa mabuku. Maphunziro anali ambirimbiri moti pofika Lachisanu samadziwanso kuti mphunzitsi uti wanena chiti. Inu munawadula, munasiya ochepa ofunika kwa aliyense. Apa ngakhale Nanay, amene sayamika chilichonse chochokera ku Manila, anavomera kuti mwaganiza bwino. Mwana wawongoka msana. Akumagona osatsamira buku. Ndipo onani ubwino wina umene mwina simunauganizire: m'chikwama muja tsopano mwapezeka malo a epuloni, magolovesi a labala ndi burashi yotsukira chimbudzi. Zonse zikulowa, zipi n'kutsekeka bwinobwino!

2. Ndikuthokoza chifukwa cha ufulu wosankha.

Pachipata cha sukulu anapachika chinsalu chachikulu cha lona chochokera ku ofesi yanu. Pa chinsalupo pali ana omwetulira mano mbee: wina wavala zoyera za kuchipatala, wina chipewa cholimba cha amisiri, wina ali pa kompyuta, wina akuloza kumwamba, sindikudziwa kuti waonako chiyani. Pamwamba analemba kuti tsopano mwana aliyense azisankha yekha njira ya tsogolo lake. Tsiku limenelo Aizel anafika kunyumba akuthamanga, nsapato zili kumanja. Mwana ameneyu wakhala akufuna unamwino kuyambira asanagweluke mano. Amphaka onse a ku Lawis anawamangapo bandeji, odwala ndi osadwala omwe.

"Ate! Ate Gem!" anakuwa, kuitana ine mkulu wake, asanakwere ngakhale makwerero a nyumba. "Ndasankha! Ndine wovala zoyera uja!"

Tinavina m'nyumba mpaka nsungwi za pansi zinalira, nkhuku za kunsi kwa nyumba zinathawa balalabalala.

M'mawa mwake aphunzitsi awo, Sir Abelgas, anafotokoza mwaulemu kuti kusankha kulipodi, ndipo njira zonse zija ndi zenizeni. Kungoti pachilumba pathu mphunzitsi wa zaluso alipo mmodzi, ndiye iwowo, ndipo zimene anaphunzira ndi ntchito za m'hotela. Za zovala zoyera zili kutsidya, ku tawuni, kumene boti limapita m'mawa ngati nyanja yalola, n'kubwerako ngati nyanja yalolanso. Ine sindinadabwe, chifukwa zilinso choncho pa kantini ya pamsika. Pabolodi analemba nkhanu, nkhuku ya adobo, nkhumba yowotcha, supu wa ng'ombe. Ukavundukula mapoto ndi mphodza, mphodza, mphodza. Koma umadya mphodzazo mtima uli m'malo, podziwa kuti unali ndi ufulu woitanitsa nkhanu. Aizel anasankha za m'hotela. Anzake onse anasankha za m'hotela. Kumvana kotere, Bwana, ngakhale pa chisankho cha meya sitinakuonepo.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha zipangizo.

Sukuluyi ilibe bedi, ndipo ine ndikuona kuti munachitira dala kuti ana aphunzire kuganiza. Amayala tebulo la aphunzitsi. Akamaliza, Sir Abelgas amavula nsapato n'kugonapo, kukhala ngati mlendo wochokera ku Korea, n'kumadandaula kuti chotsamira chauma. Chotsamiracho ndi dikishonale. Thaulo lilipo limodzi, la Sir Abelgas omwewo, lochokera kunyumba kwawo, ndipo akazi awo amalifuna pofika madzulo. Pa thaulo limeneli ana onse aphunzirapo luso lalikulu la sukuluyi, kupinda thaulo kuti likhale tsekwe. Bwana, munaonapo? Umapotokola uku, umapotokola uku, umakhotetsa khosi, basi tsekwe uyo wakhala pabedi kudikira alendo. Akakhala awiri, milomo n'kugundana, pakati pamaoneka mtima. Aizel ndiye katswiri wa sukulu yonse. Kunyumba kwathu chilichonse chansalu chinasandukapo tsekwe: chopukutira mbale, mpango wa Nanay wa kutchalitchi, ngakhale kabudula wa malemu Tatay amene Nanay amasunga m'sutikesi. Nanay analira, kenako anaseka, kenako anamugenda ndi patapata. Mwana ankafuna kumanga mabala a anthu, koma ayi ndithu, manja ake sakukhala chabe.

Ndisaiwale nthumwi yanu imene inabwera kudzayendera sukulu, bambo wonenepa bwino wa malaya opeta maluwa. Titamva kuti akubwera, tinachita manyazi kuti mlendo wa ku Manila apeze ana akuyala tebulo. Madamu Ludy anabwereka sukulu bedi la m'chipinda cha Mjeremani wina amene anali atapita kukasambira ndi nsomba. Ana analinyamula pamapewa kudutsa m'mudzi monse, agalu pambuyo, amayi akulemba chizindikiro cha mtanda poganiza kuti ndi maliro. Nthumwi yanu inalisisita bedilo, inajambulitsa pambali pake chala chachikulu chili m'mwamba, ndipo inati sukulu yathu ili ndi zonse zofunika. Itadya nkhumba yowotcha imene makolo tinasonkherana, inafunsa ngati pali funso. Tonse tinayang'ana mapatapata athu. Ine funso ndinali nalo, Bwana. Dzanja langa linakwera mpaka paphewa, kenako linapita kukakanda khutu. Nthumwi inakwera boti, bedi linabwerera lili liwiro, ndipo Mjeremani uja anangodabwa kupeza choko pansi pa nsalu. N'chifukwa chake ndikulemba kalata. Pepala silindiyang'ana m'maso.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha kuphunzirira pa ntchito. Apa ndiye pagona nkhani.

Munawonjezera nthawi imene ana a Giredi 12 amakaphunzirira pamalo a ntchito enieni, kuti pomaliza sukulu akhale okonzeka. Pachilumba pathu malo a ntchito enieni, okhala ndi chitseko ndi chikwangwani, ndi hotela ya Madamu Ludy basi. Ndiye tsiku lina m'mawa tinangoona mzere wa ana ovala zoyera ndi zakuda, tsitsi lili mu neti, akulowa pageti mwa ndawala ngati akuperekeza chifanizo cha woyera. Madamu Ludy anagwetsa misozi. Anati pa moyo wawo wonse wa bizinesi sanaonepo boma lokonda anthu chonchi. Anapatsidwa satifiketi yoti ndi Bwenzi la Maphunziro, ili mu felemu pakhoma pamwamba pa makiyi, ndipo amene amaipukuta ndi ine. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka ana ali mbwee m'makonde, akuchapa, akusita, akukolopa. Lamulungu lokha ndi limene sabwera, poti ndi ana asukulu, ayenera kupuma. Mwaona pamene Lamulungu langa lachokera?

Woyamba kulandira mpumulo anali Manang Tasing, mayi wachikulire amene anayamba kuchapa pa hotelayi ine ndisanabadwe, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kugwira simbi osawotcha kolala. Atauzidwa, anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kufunsa: "Ndiye mwati ana awa akugwira ulere, Madamu? Ngakhale mpunga wa masana osawapatsa? Mayo ine, ndinasankha molakwika pobadwa! Ndikanabadwa bwana, bwenzi pano ndili ndi mahotela mpaka ku Bohol." Tsopano akukazinga nthochi za shuga pachipata cha sukulu, pansi pa chinsalu chanu chija cha ana omwetulira, chimene chikuwateteza ku dzuwa ndi mvula. Ndinakumvani pa wailesi mukunena kuti maphunziro atsopanowa atulutsa anthu oyambitsa mabizinesi awoawo. Zoona zokhazokha, Bwana! Ndipo Manang Tasing sanalowe n'komwe m'kalasi.

5. Ndikuthokoza chifukwa ndakwezedwa.

Poti Madamu Ludy amatanganidwa ndi foni, anandiuza kuti ndiziwaonetsa anawo mmene timachitira. Ine wa Giredi 6! Ana akumanditchula Ma'am Gem. Tsiku loyamba ndinakabisala kuseri kwa nsalu zoyanika, anandipeza poona mapazi. Sindiwauza zambiri, ndimangoloza: sopo uyo, chingwe icho, chipinda icho musalowe osagogoda chifukwa Mjeremani uja sakonda zovala. Ndikamadutsa pachipata cha sukulu, Manang Tasing amakuwa msewu wonse kumva: "Patukani, patukani, akudutsa Pulofesa wa Thovu! Inday, ukamaliza kuwaphunzitsa kukumba dzenje, udzagonemo mowongoka, wamva? Usatichititse manyazi!" Inday ndi mmene timaitanira mtsikana aliyense kuno. Ine ndimangophimba nkhope ndi kolala, koma mumtima ndimanyada. Si aliyense amene amapatsidwa mwayi wophunzitsa womulowa m'malo. Ena amangowachotsa osawakonzekeretsa.

Mpumulo wanga ndaukonzera kale zochita. Lolemba ndiziyang'ana nyanja. Lachiwiri ndiziyang'ana Nanay. Lachitatu Nanay aziyang'ana ine. Masiku enawo tonse awiri tiziyang'ana m'chitini cha mpunga, chimene chimapereka mawu okoma kwambiri chikamayandikira pansi. Mankhwala a miyendo ya Nanay, amene ndimagula ndikalandira, akuti tiziwadula pakati, ndipo zidutswazo tizizidulanso pakati. Masamu onse amene ndinawasiya mu Giredi 6 abwerera okha. Ndithu maphunziro anu sasankha munthu.

Nambala yotsatira ndaiiwala, Bwana, chifukwa apa kuseka kwandikulira. Ikanipo nokha imene mukufuna. Ndikuthokoza chifukwa chogwirizanitsa banja lathu.

Za Lamulungu lija ine sindinamuuze Aizel. Koma chilumba chathu n'chaching'ono, ndipo pakamwa pa Manang Tasing n'papakulu. Mwana anamva. Kunyumba anangodya mpunga wake ndi nsomba zouma n'kukagona. M'mawa mwake ndinalowa m'chipinda chimene iye anali atangokonza kumene, ndipo pabedi panali chinthu. Sichinali tsekwe. Chinali ngati nkhuku yoti yagundidwa ndi njinga yamoto. M'chipinda chotsatira nsalu inayalidwa chopingasa, zotsamira zili kumiyendo, sopo ali m'kapu ya tiyi. M'china atsekwe awiri anafulatirana ngati banja loti lakangana. Katswiri wa sukulu yonse!

Ndinamvetsa msanga. Mwana akufuna kuti Madamu Ludy akwiye, abweze ana onse kusukulu, ntchito yanga ibwerere. Koma Sir Abelgas anali atatiuza kale kuti mwini ntchito akapanda kumuyamikira mwana, ndiye kuti phunzirolo walephera, ndipo wolephera samaliza Giredi 12. Ndiye ndinayamba kumutsata pambuyo. Iye akatuluka m'chipinda, ine n'kulowa: kuwongola nsalu, kubweza zotsamira kumutu, kudzutsa nkhuku yakufa ija kuti ikhalenso tsekwe. Kupinda tsekwe ndinaphunzira poonerera iye kunyumba. Atazindikira, anayamba kubwereranso kudzasokoneza. Ine n'kubwereranso kudzakonza. Bedi limodzi kuyalidwa, kupasulidwa, kuyalidwanso dzuwa lisanafike pamutu! Alendo akuti sanaonepo hotela ya antchito othamanga chonchi. Madamu Ludy akuti ndi zipatso za maphunziro atsopano.

Sabata yathayi tinagundana m'chipinda cha pakona, iye wagwira mutu wa thaulo, ine mchira.

"Ate, siyani," anatero Aizel.

"Siya iweyo."

"Mukudzichotsa nokha ntchito, mukudziwa? Koma ndinu opusa bwanji, Ate? Mankhwala a Nanay tidzagula ndi chiyani, ndi atsekwe?"

"Iwe usandiuze za nzeru, nzeru zakozo ndakugulira ndine. Khosi ili wakhotetsa dala."

"Ndisiya sukulu. Ndipita ku Cebu kukagwira ntchito ya m'nyumba, anzanga akupita."

"Ukangosiya, ndikuviika m'beseni mutu pansi, ndikuyanike pachingwe."

Bwana, chibadwire changa sindinaopsezepo ngakhale nkhuku. Aizel anandiyang'ana pakamwa pali yasa. Kenako tinakokana, tinagwera pabedi la alendo tonse awiri, tinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo kusekako kunasanduka zina, moti tinapukutira nkhope pa tsekwe yemweyo. Musadandaule, ndinamuchapa bwino. Zaka zonsezi ine ndi mng'ono wanga sitinkaonana masana. Tsopano tikuthamangitsana m'makonde tsiku lonse. Ndani wina akanatibweretsa pamodzi chonchi?

Mwina mukudabwa chifukwa chake sindingalole kuti asiye. Mukamadzadutsa pa ndege, mudzasuzumire pansi. Nanay anasindikizitsa kale chinsalu cha lona cha Aizel, chija timapachika pakhomo mwana akamaliza sukulu. Anafulumira chifukwa akuti miyendo ikamatupa chonchi munthu salonjeza za chaka chamawa. Wosindikiza wa ku tawuni anamuveka chipewa chakuda cha makona anayi pa kompyuta, anaikapo maluwa, nkhunda ziwiri ndi mawu agolide omuyamikira. Anamuyeretsanso khungu mpaka tinachita kufunsana kuti mwana ameneyu ndi wa ndani. Tinati tichisunga mpaka tsikulo, koma mvula itayamba denga linadontha pamwamba penipeni pa mphasa ya Nanay, ndiye tinachikweza padenga n'kuchitsindira ndi matayala. Panopa Aizel ali padenga, akumwetulira kumwamba, atamaliza kale sukulu. Angelo onse awerenga. Asodzi akamachokera kunyanja amachiona n'kumakuwa, "Zabwino zonse, Inday! Nkhumba tidya liti?" Zitafika pamenepa munthu angasiye bwanji sukulu?

Ndiye palinso za nsanja. Pa tsikulo mwana sakwera yekha, amakwera ndi kholo lake, kholo n'kumuveka mendulo chilumba chonse chikuona. Nanay masitepe sangathe. Aizel ananena kalekale kuti adzakwera ndi ine, ine amene sindinakwerepo nsanja, ngakhale ya Giredi 6, poti ndinachoka chaka chisanathe. Ndakhala ndikuyeserera pa masitepe a hotela ndikanyamula dengu la zochapa: kuwongola khosi ngati tsekwe, osayang'ana pansi, osathawa. Diresi andibwereka kale Manang Tasing, la maluwa ofiira, loti tikhoza kulowamo awiri ndi Aizel yemwe. Ndiye atsekwe aja ndipitiriza kuwawongola makosi, Bwana, mpaka chikondwerero cha Woyera Roke. Chikadzatha ndizidzalowera kumpanda wa kuseri, kudzawawongolabe osalipidwa. Tidzakhala awiri ogwira ulere m'nyumba imodzi. Nanay akuti m'mudzi muno mulibe banja lophunzira ngati lathu.

Chomaliza, ndikuthokoza chifukwa cha tsogolo. Munalonjeza kuti womaliza Giredi 12 azitha kupeza ntchito osadikira koleji. Ndinalimba mtima, ndinagwira kolona yanga m'thumba, ndinakagogoda kwa Madamu Ludy. Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a kamwana ka mphaka. Ndinati, Madamu, poti ine ndikupuma, kodi Aizel akamaliza mudzamulemba ntchito? Anandiyang'ana mwachikondi pamwamba pa magalasi awo.

"Aaa, Inday Gem, iwenso! Ndimulembe chifukwa chiyani, chaka chamawa kukubwera ena atsopano? Ndipo ukudziwa kuti ine ndikamalemba munthu masiku ano ndimafuna wa koleji. Tenga bisiketi."

Ndinatenga bisiketi. Inali yokoma. Ndinatuluka ndikudumphadumpha ngati kamwana, chifukwa pamenepo ndi pamene ndinaona kukongola konse kwa dongosolo lanu. Mwana aliyense adzakhala wokonzeka kugwira ntchito, ndipo pa ntchito iliyonse adzapeza pali kale mwana wina amene akukonzekera. Palibe amene adzavutike ndi kupita kukalandira malipiro. Kuganiza kotere, Bwana, ndikukhulupirira kuti kumafuna chipinda chozizira kwambiri.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi laling'ono, lokwanira munthu wa msinkhu wanga. Chinthu chokoma chonchi si bwino kuti chithere pachilumba pathu pokha. Zimandiwawa ndikaganiza kuti inu, amene munatiganizira zonsezi, mukudzukabe m'mamawa tsiku ndi tsiku, kumanga tayi, kukhala pamdipiti wa magalimoto a ku Manila, popanda wokupumitsani. Ndiye ndagwira mwendo wanu: lolani kuti Aizel ndi anzake adzamalizire maphunziro awo a pa ntchito mu ofesi yanu. Hotela yathu yawachepera, akupondana m'makonde, pamene kwanuko ndamva kuti zipinda ndi zambiri. Mwanayu ndi wochangamuka, simudzanong'oneza bondo. Kumwetulira pachithunzi amatha, umboni uli padenga. Kudula riboni amatha, sizasi anaizolowera pa mabandeji a amphaka. Kulonjeza kokha ndiye sanaphunzire, koma mukamuonetsa masiku ochepa, monga ndinachitira ine ndi sopo, agwira msanga. Simudzamulipira kanthu, ngakhale mpunga wa masana. Mudzangomulozera mpando wanu ndi mbali imene umazungulira, ndipo m'mawa uliwonse pa desiki pazidzakhala tsekwe.

Inu muzidzabwera Lamulungu lokha. Poyamba mudzasowa chochita ndi manja, ndipo kunyumba akadzafunsa za mpunga mudzayang'ana kumbali, koma zimazolowereka, nalonso ndi phunziro. Za masiku enawo musade nkhawa, ndalankhula kale ndi Manang Tasing. Akuti pabenchi yawo malo alipo, pansi pa chinsalu chanu chomwe chija, ndipo akusowa munthu wotunga nthochi pa timitengo. Akuti muzidzafika sukulu isanaweruke, mutasamba m'manja. Malipiro akuti sipadzakhala, poti mudzakhala mukuphunzira.

Ndabweza dzanja lanu, Bwana. Pepani, lanyowa.

Ine wanu woyamika mpaka misozi,

Gemmalyn Pacaldo,
Ate wake wa Aizel,
Wochapa wa Lamulungu lokha.